Mmene mungadziwire alendo osaitanidwa m'thanki yanu ya makorali

Aliyense wosunga makorali m'thanki ya madzi amchere limamufikira tsiku ili. Magetsi a m'thanki azima, mukupita kukagona, diso n'kugwera pa chinthu chimene simunaguleko: kamkono kamizeremizere katulukira pabowo la mwala, kapena chinyongolotsi chaubweya chikukwawa pamchenga. Mtima umangoti phaa, ndipo maganizo oyamba amakhala oti chimenechi chichoke usiku womwe uno.

Pepani, yambani mwadikira. Mwala wamoyo wochokera m'nyanja uli ndi timabowo tosawerengeka, ndipo m'timabowomo mumabwera zamoyo zambiri. Zina zimabwera pansi pa kapulagi kamene amamatapo kachidutswa ka korali, zina m'ndere, zina mumchenga. Zambiri mwa zimenezi ndi antchito anu aulere: zimadya zakudya zotsala, zimafukula mchenga, zimasefa madzi, zina n'kukhala chakudya cha nsomba. Zowononga zilipo ndithu, koma n'zochepa, ndipo kawirikawiri si zija zooneka moopsa. Ine ndaona anthu akugwetsa miyala yonse chifukwa cha nyongolotsi yosalakwa, pamene mdani weniweni, wochepa ngati njere ya mpunga, ali phee pa korali.

Choyamba: manja akhale kunja

Musagwire ndi dzanja lamanjamanja chinthu chimene simukuchidziwa. Nyongolotsi zambiri za m'nyanja zili ndi timinga tonga ubweya timene timathyokera pakhungu n'kumayabwa ngati chitedze. Miyala nayo ndi yakuthwa, ndipo pabala laling'ono pangalowe mabakiteriya monga Vibrio kapena Mycobacterium marinum. Timinga tikakulasani, matanipo tepi n'kuimatula pang'onopang'ono, kenako viikani chalacho m'viniga.

Konzani magolovesi aatali ofika m'chigongono, chopanira chachitali, chubu choyamwira madzi chokhala ndi mpira wofinya kumapeto, galasi lokulitsira zinthu, kambale koyera, ndi tochi yowala mofiira. Ngati tochi yotere mulibe, kutani yanu ndi pulasitiki yofiira.

Chachiwiri: chezerani thanki usiku

Masana muona zochepa kwambiri. Dikirani ola limodzi kapena awiri magetsi atazima, m'chipindamo mukhale mdima, zimitsani mapampu kwa mphindi zochepa kuti madzi adikhe, ndiye unikani ndi tochi yofiira ija. Zamoyo zambiri za m'nyanja sizidzidzimuka ndi kuwala kofiira monga zimachitira ndi koyera. Khalani pansi mphindi 15 kapena 20 osagogoda galasi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mawuwa ndi enieni, chifukwa nkhono zake zilipodi.

Usiku woyamba umene ndinachita zimenezi sindiuiwala. Mwala umene masana unkaoneka wouma moyo unali piringupiringu. Tizilombo topindika msana tinkathamanga m'mphepete mwa galasi. M'bowo lina munatuluka chinthu chotuwa chonga chala, chikutalika pang'onopang'ono mpaka kufika pamchenga, ndipo kuwala kutachikhudza chinadzilowetsa m'kati mwake ngati mmene munthu amatembenuzira sokosi. Ndinachita mantha. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti ndi peanut worm, nyongolotsi yofatsa imene imangodya zinyalala.

Bwerezani masiku atatu, pa maola osiyana. Zina zimatuluka chakumadzulo, zina m'bandakucha.

Chachitatu: jambulani, ndipo dzifunseni mafunso anayi

Pojambula zimitsani magetsi abuluu, muyatse oyera okha, chifukwa pa abuluu chilichonse chimaoneka chimodzimodzi. Gundikani rula pagalasi kuti kukula kwake kudziwike. Ngati chikuyenda, vidiyo ya masekondi 10 imathandiza kuposa zithunzi khumi.

Tsono dzifunseni: kodi chimayenda kapena chinamera pamodzi? Chilipo chimodzi kapena chikuchulukana? Pafupi nacho pali chimene chawonongeka? Ndipo funso lalikulu koposa: chimakhala pati? Chimene chimayendayenda pamwala, pagalasi ndi pamchenga nthawi zambiri chimakhala chikusaka ndere ndi zotsala. Koma chimene mumachipeza pa mtundu umodzi wokha wa korali, khungu lake n'kufanana ndi la koraliyo, chikayikireni kwambiri. Chimakhala pamenepo chifukwa ndi pa mbale yake.

Chachinayi: chiikeni m'gulu lake

Yambani ndi zooneka ngati maluwa. Apa ndi pamene oyamba kumene amapusitsika, chifukwa mdani wamkulu amaoneka bwino. Aiptasia ndi anemone wabulauni woonekera m'kati, wa thunthu lalitali ndi timanja tatitali tosongoka. Mukamuyandikiza chopanira amazimiririka m'bowo m'kuphethira kwa diso. Amawotcha makorali oyandikana naye ndipo amaswana mochititsa mantha: kachidutswa kakang'ono ka phazi lake kakatsala pamwala kamasanduka Aiptasia watsopano. N'chifukwa chake kumupala kapena kumudula ndi kumufesa. Mnzake ndi majano, wamfupi, wonenepa, wobiriwira kapena wabulauni, timanja take tili ndi nsonga zotupa. Nayenso ndi wochotsa.

Osawasokoneza ndi feather duster. Iyi ndi nyongolotsi yokhala m'kachubu, imene imatulutsa chisoti chonga nthenga zozungulira. Ikadzidzimuka imalowa m'chubu chake, ndipo chubucho chimatsala chikuoneka. Imasefa madzi, siilakwira aliyense. Timadontho toyera tolimba tozungulira ngati kasipuling'i pagalasi ndi abale ake otchedwa spirorbid, ndipo tikatsekereza maso mumangotipala. Timipira toyera taubweya tokhala ndi kachipewa kumutu, tokonda m'malo amdima, ndi masiponji, ndipo ndi chizindikiro cha thanki yokhazikika.

Pali kachubu kena kamene kamavuta. Ngati chubucho n'cholimba, chakuthwa moti n'kukucheka, ndipo pothira chakudya mukuona ulusi wonga wa kangaude ukutuluka pakamwa pake, imeneyo ndi nkhono ya vermetid. Ulusiwo ndi ukonde wa mamina wogwirira chakudya, ndipo ukamagwera pa korali tsiku ndi tsiku koraliyo amafinyika. Thyolani chubucho patsinde penipeni, chifukwa nyama yake imakhala pansi, kapena tsekani pakamwa pake ndi guluu wa makorali.

Tibwere ku nyongolotsi zoyenda, zimene zimadedwa popanda mlandu. Bristle worm wamba ndi wapinki kapena wotuwa, wa timinga toyera m'mbali monsemu ngati namkalizi. Amadya zakufa ndi zotsala. Anthu akamupeza pa nsomba yakufa amati ndiye wapha, chonsecho iye wangobwera kudzayeretsa. Akachuluka kwambiri, vuto si iye, vuto ndi dzanja lanu pothira chakudya. Chepetsani chakudya, nawonso achepa. Timaulusi tambirimbiri toyera kapena tachikasu toyala pamchenga kuchokera pamalo amodzi ndi timanja ta spaghetti worm, ndipo ameneyu musiyeni agwire ntchito.

Nyongolotsi zoopsa zenizeni ndi ziwiri. Hermodice carunculata, yochokera ku Caribbean ndi ku Mediterranean, ndi yonenepa, ili ndi timitolo toyera kwambiri ta minga tosakanikirana ndi timphonje tofiira, ndipo siibisala kwenikweni. Imameza nsonga ya nthambi ya korali n'kuisiya yoyera mbee. Inayo ndi ya mtundu wa Eunice: mutu wake uli ndi tinyanga 5, thupi lake limanyezimira ngati utawaleza, ndipo imabwerera m'bowo mwaliwiro ngati mphira. Yaikulu pa zonse, Eunice aphroditois, imatha kufika mamita 3. Mu 2009, ogwira ntchito ku Blue Reef Aquarium ku Newquay, ku England, atadabwa kwa nthawi yaitali ndi makorali odukaduka komanso nsomba zovulala, anaphwasula thanki n'kupezamo nyongolotsi yotere yoposa mita imodzi. Mukaona tinyanga 5 timeneti, musayese kukoka, imaduka. Tulutsani mwala wonsewo.

Nkhono zambiri ndi zabwino. Stomatella imaoneka ngati nkhono yopanda chigoba, koma ili ndi kachigoba kaphanthiphanthi pamsana, imathamanga kuposa nkhono zina, ndipo ikagwidwa imataya mchira ngati buluzi. Imadya ndere ndipo imaswana yokha m'thanki. Mlendo uja amadza ndi kalumo kakuthwa ndi ameneyu. Chiton, wozungulira motalika wokhala ndi timbale 8 pamsana, nayenso ndi wopala ndere. Zoyenera kuchotsa ndi ziwiri. Nkhono ya Heliacus, yozungulira yaphanthi ya mawanga akuda ndi oyera, yokhala ndi chitseko chosongoka ngati kansonga, imapezeka pakati pa ma zoanthid, makorali ofewa omera pamodzi ngati timaluwa, ikuwayamwa. Ndipo tinkhono toyera tosongoka tonga njere za mpunga, tounjikana pansi pa chigoba cha Tridacna (nkhono yaikulu ya zigoba ziwiri) kapena pa nkhono zanu zazikulu, ndi ma pyramidellid oyamwa magazi. Tichotseni ndi mswachi usiku, pamodzi ndi timamina ta mazira ake.

Nkhanu muiweruze ndi zala zake zopanira. Ngati nsonga zake n'zaphanthi ngati supuni, ndi yopala ndere, monga emerald crab yobiriwira ija. Ngati n'zosongoka, zakuda kumapeto, thupi lili laubweya ndi lojintcha, ndi ya banja la Xanthidae, imene anthu amaitcha gorilla crab. Ikali yaing'ono siioneka vuto, koma ikakula imadya nkhono, makorali, ngakhale nsomba zogona. Nkhanu yaing'ono yosalala, yowala bwino, yokhala pakati pa nthambi za Acropora kapena Pocillopora, ya mtundu wa Tetralia kapena Trapezia, ndi mlonda wa koraliyo: imamuyeretsa ndi kumuteteza. Imeneyo ndi mphatso.

Nanga phokoso? Mukamva kuti tha! usiku ngati galasi lang'aluka, muli ndi pistol shrimp kapena mantis shrimp, tinyama ta gulu la nkhanu ta thupi lalitali. Pistol shrimp ali ndi dzanja limodzi lalikulu, amakonda kulira kamodzi kapena kawiri n'kukhala chete, ndipo nthawi zambiri savuta. Mantis shrimp amagogoda mobwerezabwereza poswa chigoba, ndipo umboni wake umapezeka m'mawa: zigoba za nkhono zophwanyika zitaunjikana pakhomo la bowo limodzi. Mukayang'anitsitsa bowolo muona maso awiri pa timitengo, lililonse likutembenuka palokha, akukuyang'anani inuyo. Musamuyese ndi chala. Nkhonya ya mtundu waukulu, Odontodactylus scyllarus, inayezedwa liwiro lofika mamita 23 pa sekondi, ndipo ngakhale ang'onoang'ono obwera m'miyala amang'amba khungu.

Tinyenyezi tating'ono totuwa ta miyendo yosalingana, tomata pagalasi, ndi Asterina. Miyendo imasiyana chifukwa timaswana podzigawa pakati. Tambiri timadya ndere basi, koma mukatipeza kawirikawiri pa ma zoanthid otsekeka, tichotseni ndi chopanira. Timikono tamizeremizere totuluka m'mabowo ndi ta brittle star, nyenyezi ya m'nyanja ya mikono yopyapyala, ndipo n'tabwino kotheratu. Timadontho toyera todumphadumpha pagalasi ndi ma copepod, topindika msana tija ndi ma amphipod, zonsezo ndi chakudya cha nsomba. Chenjerani ndi kamodzi kokha: kachilombo kosambira mwaliwiro, ka maso aakulu akuda, kamene m'mawa mungakapeze katamatirira pa nsomba. Ameneyo ndi cirolanid isopod, ndipo amayamwa magazi.

Chachisanu: yang'anitsitsani korali amene sakusangalala

Gawo ili ndi limene ndikufuna mulitengere mtima, chifukwa zowononga kwambiri sizioneka mukaima patali. Korali akatseka masiku angapo, akayamba kutuwa kuchokera patsinde, kapena akakhala ndi zigamba zoyera, yambani mwayeza madzi: mchere ukhale pa 1.025 kapena 1.026 pa choyezera mchere (specific gravity), kutentha pakati pa madigiri 24 ndi 26. Madzi akakhala bwino, mutulutseni koraliyo, mumuike m'kambale koyera muli madzi a m'thanki, mum'pemerere madzi mwamphamvu ndi chubu chija, ndiye yang'anani zimene zagwera pansi ndi galasi lokulitsira.

Pa Acropora funani zinthu ziwiri. Timadontho tachikasu tokhala ndi kadontho kofiira, tosafika milimita imodzi, ndi red bugs, Tegastes acroporanus. Timabala tozungulira totuwa pakhungu la korali, makamaka kunsi kwa nthambi, ndi malo olumidwa ndi nyongolotsi yaphanthi yotchedwa Prosthiostomum acroporae (kale inkatchedwa Amakusaplana acroporae). Iyoyo siioneka ili pa korali chifukwa imatenga mtundu wake, koma m'kambale koyera imaonekera ngati kachikopa kabulauni koyenda. Mazira ake ndi timadontho tabulauni toundana pa fupa loyera la patsinde.

Pa Montipora, zigamba zoyera zoyambira m'mphepete kapena kunsi zimasonyeza nudibranch (nkhono ya m'nyanja yopanda chigoba) woyera wa timphonje pamsana, wa mamilimita ochepa chabe. Pa ma zoanthid palinso nudibranch wake, amene timphonje take timafanana ndendende ndi timanja ta zoanthid amene akudya, ndipo mazira ake ndi kamzere koyera kozungulira ngati kankhata pathunthu la koraliyo.

Pali nyongolotsi ina yaphanthi imene siidya korali koma imamuphimba: Convolutriloba, yofiirira ngati dzimbiri, ya kadontho kofiira ndi mchira wa nsonga zitatu. Imayala pamchenga ndi pamiyala m'malo owala, opanda mafunde ambiri. Ikafa yambiri nthawi imodzi imatulutsa poizoni wotha kupha nsomba. Choncho musanathire mankhwala monga Flatworm Exit, yamwani zambiri mmene mungathere ndi kapaipi kwa masiku angapo, ndipo khalani ndi kaboni wosefera madzi watsopano ndi madzi osinthira okonzeratu.

Chachisanu ndi chimodzi: kugwira ndi kuchotsa

Ngati simunatsimikizebe, chigwireni chamoyo, muchiike m'kachidebe muli madzi a m'thanki, muchione bwino masana. Nkhanu imagwidwa ndi tambula yagalasi: ikani kachidutswa ka nsomba m'kati, itsamizeni pamwala mopendekeka, ndipo ikalowa imalephera kukwera galasi loterera. Za nyongolotsi ndi mantis shrimp, dulani botolo lapulasitiki chakukhosi, tembenuzirani khosilo m'kati, ikanimo nyambo, boolani timabowo ta madzi, n'kuligoneka pafupi ndi bowo lake usiku. Mantis ndi wochenjera, akapulumuka kamodzi sabwereranso msanga. Njira yodalirika ndi kutulutsa mwala wake, kuuika m'ndowa, n'kuthira madzi a soda a m'botolo, aja otuluka thovu (soda water), m'bowomo ndi sirinji mpaka atuluke.

Aiptasia akakhala ochepa, zimitsani mapampu, muwathire pakamwa phala la kalkwasser (laimu wosungunula m'madzi) kapena mankhwala monga Aiptasia-X, pang'onopang'ono kuti asathawire m'bowo. Musaphe ambiri tsiku limodzi ndi kalkwasser, amakweza pH. Akachuluka, funani owadya. Berghia stephanieae ndi nudibranch amene sadya china chilichonse koma Aiptasia, kotero akawamaliza amafa ndi njala ngati simumupereka kwa mnzanu. Peppermint shrimp amathandiza pa ang'onoang'ono. Nsomba ya copperband, Chelmon rostratus, imawadyanso, koma ndi yovuta kuisunga ndipo sindingalangize munthu kuigula chifukwa cha ntchito imeneyi yokha.

Mawu amodzi okhudza moyo wanu. Makorali a Palythoa ndi ma zoanthid ena ali ndi palytoxin, mmodzi wa mapoizoni amphamvu kwambiri odziwika, ndipo nthawi zina amabwera okha pamwala osadziwika. Musawiritse mwala, musauthire madzi otentha, musaukweche uli pamtunda m'nyumba. Nthunzi yake yagonekapo mabanja athunthu m'chipatala. Pogwira makorali amenewa valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Mukamva kuwawa kwachitsulo m'kamwa, kutentha thupi, chifuwa kapena kubanika mutagwira ntchito m'thanki, thamangirani kuchipatala ndipo mukanene za makoraliwo.

Chachisanu ndi chiwiri: tsekani khomo

Korali aliyense watsopano, ngakhale wochokera kwa mnzanu wapamtima, ayambe waviikidwa m'mankhwala monga Coral Rx kapena Revive. Sakanizani ndi madzi a m'thanki m'kachidebe kapadera, tsatirani muyezo ndi mphindi zolembedwa pabotolo, muzimupemerera madzi ali momwemo, kenako mutsukuluzeni m'kachidebe kachiwiri. Madzi a mankhwalawo asalowe m'thanki. Ngati pali nkhanu ya mlonda ija, ichotseni kaye, chifukwa mankhwala sasankha. Mukatha, mudule koraliyo pa kapulagi kakale n'kumumata pa katsopano, popeza mazira ambiri amakhala m'mphepete mwa guluu wakale.

Dziwani kuti mankhwalawa sapha mazira. Mazira amapalidwa ndi kampeni kapena mswachi, ndipo amene mwawaphonya amaswa patapita masiku. N'chifukwa chake kathanki kena kapadera, ngakhale ka malita 40 kokhala ndi pampu, chotenthetsera ndi nyali, n'kofunika kuposa zida zambiri zodula. Korali akhale mmenemo milungu 4 mpaka 6, mukumuviika sabata iliyonse ndi kumuunika usiku. Mwala wamoyo nawo ukhale pawokha milungu ingapo, utakwezedwa pa kathandala kapulasitiki kamabowo, pansi popanda mchenga, kuti chilichonse chotsika kudzadya nyambo chionekere.

Zimene mwachotsa musazitaye m'nyanja, mumtsinje kapena m'ngalande. Ndere ya Caulerpa taxifolia, yotchuka m'mathanki, inaoneka koyamba m'nyanja ya Mediterranean pafupi ndi Monaco mu 1984 ili kachigamba kakang'ono, ndipo m'zaka zochepa inali itayala m'magombe a mayiko angapo. Ndere ndi tizilombo towononga tiikeni m'thumba, tiikeni m'firiji, m'mbali youndanitsa madzi (freezer), kwa tsiku lathunthu, kenako titayeni ku zinyalala. Mantis shrimp yekha musamuphe. Alipo anthu ambiri amene amamusunga m'kathanki kakekake, ndi mchenga ndi timiyala tomangira nyumba yake, ndipo amadzamutenga mosangalala mukangowauza.